Mwana Akanyamuka Ulendo wa ku Koleji

Awa ndi mau amene adayankhula mmodzi wa ife, yemwe amagwira ntchito m'Boma ku Lilongwe, pa msonkhano wathu wa pachaka. Tawasindikiza chifukwa ambiri amene sadathe kubwera adawapempha.



A komiti atandipempha kuti ndiyankhulepo za moyo wa pabanja pamene mwana achoka pakhomo kupita ku koleji, ndidawafunsa kuti bwanji osaitana mbusa kapena nkhoswe, pakuti ine ntchito yanga ndi ya mafaelo basi. Iwo adati akufuna munthu amene zikumuchitikira panopa. Mwana wathu wachisamba ali m'chaka chachiwiri ku yunivesite ina ya Boma, ndipo ndikayang'ana m'holo muno ndikuona kuti ambirife tafika pa msinkhu womwewo. Amene tidalowa Folomu 1 pakati pa 1993 ndi 1998 ndife amene ana athu akulemba mayeso a MSCE tsopano. Tidawapempherera kuti akhoze, ena tidagulitsa mbuzi kulipira aphunzitsi apadera, ndipo ena mwa anawo akhozadi. Tsono paja akulu adati walira mvula walira matope. Lero ndifuna tikambirane za matopewo.

Ndiyambe ndi kukumbutsa m'mene tidachokera ifeyo, chifukwa vuto limene ndikuliona pakati pathu ndi lakuti tikuyeza ulendo wa ana athu ndi muyeso wa ulendo wathu. Pamene ambirife tinali ku sekondale, yunivesite m'dziko muno idali imodzi yokha, University of Malawi, yokhala ndi makoleji asanu: Chancellor ku Zomba, Polytechnic ku Blantyre, Bunda ku Lilongwe, Kamuzu College of Nursing, ndi College of Medicine imene idatsegulidwa mu 1991. Yunivesite ya Mzuzu idalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Malo adali ochepa zedi, ndipo anzathu ambiri anzeru amene ali m'holo muno sadapeze mwayi. Koma amene dzina lake lidatuluka m'nyuzipepala kuti wasankhidwa ndi Boma, nkhawa ya makolo ake inkathera pa depoti. Ankamukweza basi ya Stagecoach kapena ya Shire Bus Lines, malinga ndi chaka chimene adapita, ali ndi sutukesi, bulangete ndi kamba wa mbatata zootcha. Akafika ankapeza bedi, ankadya katatu pa tsiku ku kafeteriya, ndiponso ankalandira kangachepe kogulira mabuku. Kumudzi ankatumizako kalata mwina kamodzi pa mwezi, ndipo kalatayo inkatenga sabata kuti ifike. Makolo athu sankadziwa zimene tadya dzulo, komabe ankagona tulo chifukwa ankadziwa kuti tadya.

Lero mayunivesite a Boma alipo asanu ndi imodzi. Bunda idachoka n'kukhala LUANAR mu 2012, MUST idatsegulidwa ku Ndata m'boma la Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Polytechnic idasanduka MUBAS, makoleji a zaumoyo awiri aja adaphatikizana kukhala KUHeS, Chancellor n'kutsala ndi dzina la University of Malawi. Ana ambiri akulowa kuposa kale, ndipo ichi n'chabwino ndithu, asakunamizeni munthu. Koma zipinda zogona sizidachuluke mofanana ndi ophunzira, ndipo kafeteriya waulere uja adatha. Mwana wa lero alipira fizi, afuna yekha pogona, adzigulira yekha chakudya, ndipo aphunzitsi ake ayembekeza kuti ali ndi laputopu ndi intaneti. Ambiri achita lendi kunja kwa sukulu, ku Chikanda ngati ali ku Zomba, ku Luwinga ngati ali ku Mzuzu, ndi malo ena otero. Kuli bungwe la Boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'sukulu za ukachenjede, limene lidakhazikitsidwa mu 2015, koma si onse opempha amene amalandira, ndipo ngakhale wolandirayo sizimukwanira zonse. Onjezanipo kuti mu November 2023 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, pamene malipiro athu, inu a m'Boma anzanga mukudziwa, adakwera mwaulemu chabe.

Choncho mwana wa lero akachoka pakhomo sachoka pa bajeti. Mphika umene udali umodzi usanduka iwiri, wina kunyumba, wina ku koleji, koma thumba ndi lomwe lija. Apa ndi pamene ndifuna kukhalitsapo.

Ife tidakula m'nyumba zimene malipiro a bambo adali chinsinsi chachikulu kuposa za kudambwe. Mwana sankafunsa, ngakhale mayi amene nthawi zina sankadziwa. Mwambo umenewu tautengera m'mabanja mwathu, ndipo unkayenda bwino pamene mwana ankadya mbale imene tamuikira. Koma mwana amene tamutumiza kutali kuti akadzisungire yekha ndalama, osamuuza kukula kwa thumba limene ndalamazo zikuchokera, adzachita chimodzi mwa ziwiri. Wina adzapempha kosalekeza, poganiza kuti bambo wogwira ntchito ku Capital Hill sangasowe, ndipo foni iliyonse idzathera m'mkangano. Winayo, amene aona yekha kuti kunyumba zinthu zathina, adzangokhala chete. Makolo ambiri timadandaula za woyambayo n'kumayamikira wachiwiriyo kuti ndi mwana womvetsa. Ine amene ndimamuopera ndi wachiwiriyo.

Mwana wachete uja ndalama zikamuthera pa 20 mwezi usanathe, sanena. Ayamba kudumpha chakudya cha m'mawa, kenaka cha masana. Alowa m'kalasi ya masamu atamwa madzi okha. Mukamuimbira ayankha kuti ali bwino, inu n'kuuza anzanu ku ofesi kuti mwana wanga savuta. Njala ikapitirira afuna njira zake. Mnyamata ayesa kubetcha mpira pa foni ndi ndalama ya lendi, zikamuvuta apita kwa akatapila, laputopu ija n'kukhala chikole. Mtsikana apeza kuti pa geti la koleji Lachisanu madzulo pamaima magalimoto a anthu okoma mtima kwambiri. Ndipo tisanamizane, amayi ndi abambo, zidyamakanda zimenezi sizichokera kumwezi. Ndi amuna a misinkhu yathu, a matayi ngati athuwa, ena a iwo ali ndi ana awo aakazi ku koleji ina. Sindikuloza munthu chala, koma mau amenewa ndidafuna anenedwe m'holo muno.

Mankhwala ake, m'kuona kwanga, ndi pepala ndi cholembera. Kunyumba kwathu, kutatsala sabata kuti mwana anyamuke, tidakhala pa tebulo atatu, ine, amake ndi iyeyo. Tidalemba zimene zimalowa m'nyumba pa mwezi, tidalemba lendi yathu, magetsi, madzi, fizi ya abale ake, ndi zimene timatumiza kwa agogo ake kumudzi. Zotsalazo adaziona yekha ndi maso ake. Kenaka tidagwirizana kuti azilandira zakuti, pa tsiku lakuti la mwezi uliwonse. Ndalamazo si zambiri ai. Koma ndaona kuti ndalama yochepa yodziwika tsiku lake imasunga mwana bwino kuposa yambiri yobwera mwamwayi, chifukwa munthu sangagawe bwino chinthu chimene sadziwa kuti chifika liti. Masiku ano kutumiza n'kosavuta, pa Airtel Money kapena pa Mpamba zifika nthawi yomweyo, si za positala oda zija ai. Koma kuphweka komweko kwatipangitsa kutumiza mwa apo ndi apo, lero pang'ono, mkucha pang'ono, malinga ndi m'mene mwana walirira. Mukatero mukumuphunzitsa kulira, osati kuwerengera.

Lendi ndiyo ndikupemphani muzilipira nokha kwa mwini nyumba, makamaka chaka choyamba. Ndipo pitani mukachione chipindacho. Ndikudziwa kuti kuchoka ku Lilongwe kudzera pa Dedza, Ntcheu, Balaka ndi Liwonde mpaka ku Zomba ndi ulendo wodya ndalama, koma kaoneni ngati chitseko chili ndi loko, madzi atunga kuti, chimbudzi agwiritsa anthu angati, ndi njira imene adzayenda usiku pochokera ku laibulale. Mwini nyumba amene waona nkhope ya kholo amachita zinthu mosiyana ndi amene aganiza kuti mwanayo alibe mwini. Ufa, nyemba, nsinjiro ndi usipa zochokera kunyumba musachite nazo manyazi. Thumba la ufa lokwezedwa pa basi limathandiza kuposa ndalama ya mtengo womwewo, chifukwa ufa sungagule bandulo ya intaneti.

Tsono za foni. Makolo athu adatitaya kwenikweni, popeza analibe njira yotifikira, ndipo kutayidwako kudatikulitsa. Ife tili ndi chingwe m'thumba. Ndaona amayi ena, ndipo amake ana anga andikhululukire, amene aimba m'mawa, masana ndi usiku, mwana akapanda kuyankha kawiri ayamba kufunsa mtengo wa basi. Ndaonanso abambo amene mau awo onse kwa mwana chaka chathunthu ndi akuti, "Ndatumiza, waona?" Onse awiriwa sadziwa m'mene mwana akukhalira. Funso lakuti "Uli bwanji?" yankho lake ndi limodzi dziko lonse lapansi. Mufunseni kuti wadya ndiwo zanji dzulo usiku. Mufunseni dzina la mnzake wa m'chipinda ndi kumene amachokera. Mufunseni phunziro limene likumuvuta kwambiri. Akachedwa kuyankha funso la ndiwo lija, mwadziwa kale. Ndipo nambala ya mnzake mmodzi mukhale nayo, osati yomufufuzira, koma ya tsiku limene foni yake idzazima ali m'chipatala.

Pali mau ena amene ayenera kunenedwa mwana asanakwere basi, ndipo sindidawamvepo kawirikawiri m'malangizo a amalume ndi azakhali. Timamuuza kuti akalimbikire, asakachititse banja manyazi, mudzi wonse ukuyang'ana iye. Zonsezi n'zoona. Koma taganizani katundu amene tamusenzetsa. Mwana amene adali nambala wani kuyambira Sitandade 1 akafika kumene aliyense adali nambala wani kwawo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake alephera mayeso. Inu amene mudadutsa ku koleji mukukumbuka mantha a sapu, ndi m'mene tinkanong'onezana kuti uje wawididwa. Alipo ana amene atachotsedwa sukulu amakhalabe m'tauni miyezi ndi miyezi, kumalandira ndalama ya lendi, chifukwa choopa kukayang'ana nkhope ya bambo awo. Alipo ena amene afika podzichotsera moyo, ndipo nkhani zotere tonse tazimvapo. Choncho pamwamba pa malangizo onse, muuzeni momveka kuti akadzalephera, akadzatenga mimba kapena kupereka mimba, akadzagwa m'ngongole, anthu oyamba kumva mukhale inu. Muuzeni kuti mudzakwiya ndithu, koma khomo lidzakhala lotsegula. Ena adzati kutero ndi kumupatsa chilolezo. Ine sindikhulupirira kuti mwana amalephera mayeso chifukwa adauzidwa kuti kwawo amamukonda.

Nanga otsala pakhomo? Awa timawaiwala. Mwana wamkulu akachoka, ntchito zake sizichoka naye. Amene ankaphika nsima ya madzulo, kuperekeza ang'ono ku sukulu, kuthandiza masamu ndi kukagula magetsi palibe, ndipo zonsezi zigwera wotsatana naye, makamaka ngati ali mtsikana, pa nthawi yomwe iyenso akuyandikira mayeso ake. Mabanja ena athamangira kumudzi kukatenga mwana wa mlongo wawo kuti adzathandize, polonjeza kuti amuphunzitsa. Ngati mwatero, muphunzitsenidi. Si bwino kuti digiri ya mwana wanu ilipiridwe ndi Folomu 2 ya mwana wa mlongo wanu. Ang'ono aja nawonso aona kuti nyama yasowa pa tebulo, nsapato za Khirisimasi sizidabwere, ndipo akafunsa timangoti ndalama zapita kwa achemwali anu. Mau amenewa akabwerezedwa zaka zinayi amabala chidani chimene chidzaonekera pa maliro athu. Afotokozereni kuti nthawi yawo ikadzafika, enanso adzamanga lamba chifukwa cha iwo, ndipo wamkuluyo adziwe kuti akadzayamba ntchito adzanyamula nawo mtolowo.

Palinso bambo ndi mayi eni ake. M'nyumba zambiri mwana wamkulu ndiye amakhala mthenga. "Kawauze amako kuti ndichedwa." "Kawafunse abambo ako ngati asiya ya ndiwo." Mthenga akapita ku koleji, anthu awiri amene adakwatirana zaka 20 zapitazo apezeka ayenera kuyankhulana okha, pamaso m'pamaso, ndipo nkhani yoyamba imene ili pa tebulo ndi ya ndalama. Mukuseka, koma mukudziwa. Mayi atumiza mobisa za ku banki m'khonde, bambo atumiza zake osanena, mwana n'kuphunzira msanga kuti kuli mawindo awiri olandirira. Gwirizanani inu awiri poyamba. Za kusungulumwa sindinenapo zambiri. Kunyumba kwathu mbale yake inkapezekabe pa tebulo masabata angapo atapita, ndipo palibe amene adafunsa kuti waiika ndani. Chipinda chake musafulumire kusungiramo matumba a chimanga.

Pakuti adzabwera pa tchuthi, ndipo wobwerayo sadzakhala amene adapita. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi munthu wosakwana zaka 18. Amene wabwerayu wadutsa pamenepo, wakhala miyezi inayi akudzisankhira nthawi yogona, wakangana ndi mwini nyumba n'kupambana, waphunzira kufunsa chifukwa cha chinthu chilichonse, ndipo tsopano afunsa inu. Amene mudali ndi ana ku koleji mu 2020, pamene sukulu zonse zidatsekedwa mu March chifukwa cha Covid-19, mudalawa miyezi yambiri yokhala ndi munthu wamkulu m'chipinda cha mwana. Malamulo a pakhomo akhalepo, mbale atsuke, kumunda apite, agogo akawaone ndipo akawayankhule m'chinenero chawo. Koma kumutuma ngati wa Sitandade 5 pamaso pa alendo, kapena kumutsekera chitseko chifukwa wafika 7 koloko, kudzangomuchititsa kuti tchuthi chotsatira apeze chifukwa chotsalira kusukulu. Tsitsi ndi zovala zisakudwalitseni mutu. Zithunzi zathu za chaka choyamba zikadalipo, ndipo mabuluku amene tidavala pamenepo sitingawaonetse kwa ana athu.

Nthawi zina adzabwera ndi nkhani yakuti maphunziro amene akuchita sakuwafuna. Kawirikawiri mukafufuza mupeza kuti pa fomu ya NCHE adalemba zimene bambo adafuna. Ambirife tikufuna dokotala, loya kapena injiniya m'banja, mwina chifukwa ifeyo tidalephera kukhala otero. Mulangizeni za ntchito zimene zikupezeka, pakuti inu mukuudziwa msika kuposa iye. Koma amene adzakhala m'kalasimo zaka zinayi kapena zisanu ndi iyeyo. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, akulu adati msemere. Nthawi zina imamufotera, nthawi zina timapeza kuti sidali ya nsatsi konse.

Ndisaiwale anzathu amene ana awo sadasankhidwe ku mayunivesite a Boma. Ena apita ku makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, ena ku sukulu za uphunzitsi, ena ku za unamwino za mishoni, ena ku mayunivesite a mipingo ndi a anthu wamba kumene fizi yake ndi yowawa koposa. Zonse ndanenazi zikukhudzani chimodzimodzi. Ndipo inu amene ana anu adasankhidwa, chepetsani kuika zithunzi pa gulu lathu la WhatsApp tsiku lililonse.

Ndili ndi zopempha ziwiri kwa bungwe lathu, a Wapampando. Choyamba ndi cha ngongole. Alipo pakati pathu amene adaphunzira ndi ngongole ya Boma ndipo sadabwezebe, ngakhale akhala pa ntchito zaka zoposa 15. Ndalama zimenezo zikabwezedwa zimathandiza kuti ophunzira a lero abwereke. Mwina mwana amene wamanidwa chaka chino ndi wa mnzanu amene mwakhala naye pa benchi limodzi panopa.

Chachiwiri ndi ichi. M'kaundula wa bungwe lino muli anthu okhala ku Zomba, ku Blantyre, ku Thyolo, ku Mzuzu ndi kuno ku Chigawo cha Pakati, kutanthauza kuti pafupi ndi koleji iliyonse pali mmodzi wa ife. Kale mwana akapita kutali ankapatsidwa dzina la mbale woti akamuone. Lero abale athu ambiri ali kumudzi, koma anzathu a pa sukulu ali m'matauni monsemo. Sindikupempha munthu kulipirira mwana wa mnzake fizi ai. Ndikupempha kuti mwanayo adziwe nyumba imodzi kumene angakadye nsima Lamulungu limodzi pa mwezi, ndi munthu wamkulu mmodzi amene angafike ku chipatala kapena ku polisi pa ola limodzi, pamene kholo lake likadali pa depoti kudikira basi kuti idzaze. Mwana amene sangauze bambo ake kuti ufa watha amatha kuuza mnzawo wa bambo ake, makamaka akaona m'mene akudyera. Ndipemphe kuti ana aakazi tiwapereke m'manja mwa amayi a m'bungwe lino, kapena kwa banja lonse, pa chifukwa chimene ndatchula kale chija.

Ndakambirana kale ndi a Mlembi, ndipo aika mapepala awiri pa tebulo la pakhomo. Pa loyamba alembe amene ali ndi mwana ku koleji, ndi dzina la kolejiyo. Pa lachiwiri alembe amene ali okonzeka kulandira mwana, ndi tauni imene akukhala. A komiti adzalumikiza maina mwezi uno usanathe. Ine ndalemba kale pa onse awiri.